Fulati ya Housing Trust Fund: lendi yabwino, koma mzere wake eish

Ambiri mwakhala mukundifunsa za fulati ndinalowayi, ndiye ndingonena mmene ndikuionera. Inamangidwa ndi ndalama za National Housing Trust Fund, thumba la boma kuno ku America lomwe lamulo lake linadutsa mu 2008 koma ndalama zinayamba kugawidwa mu 2016. Thumbali silidikira bajeti ya Congress (nyumba ya malamulo ya kuno) chaka ndi chaka ayi, amatapa kagawo kochepa pa bizinesi ya ngongole za nyumba ya Fannie Mae ndi Freddie Mac, makampani awiri akuluakulu ogula ngongole za nyumba kwa obwereketsa, kenako HUD, unduna wa boma woona za nyumba, nkugawira ma state.

Lendi ndiye sindingadandaule, anaiika poganizira ife amene timapeza zochepa kwambiri, ndipo nyumba yoti yalandira ndalamazi imayenera kukhala yotchipa kwa zaka 30, nde palibe zoti mawa landilodi wadzuka ndi mutu wakukwezera. Mawindo ndi otseka bwino, hita imagwira, mwana wanga anasiya kugona atavala jekete.

Koma kuti ulowemo abale! Mafomu, mapepala a malipiro, a kubanki, ndinapereka kawiri chifukwa oyamba akuti anasowa mu ofesi, foni kuimba osayankhidwa, ine kumangodikira ngati ndikupempha ulele. Komanso msika wa nyumba ukazizira thumbalo limaphwa, nyumba zomangidwa nkuchepa pomwe mzere ukungotalika. Mnzanga tinalembetsa limodzi mpaka pano akugonabe pa sofa kwa achemwali ake.

Nyenyezi zinayi pa zisanu, imodziyo yapita ndi mafomu aja.