Botolo la maluwa la Whitefriars ndi labwino, koma ogulitsa andipsetsa mtima

Abambo aja ogulitsa katundu wakale cha kumsika waukulu kuno ku Zomba andikwiyitsa kwabasi. K60,000 imene ndinawalipira pogula botolo la maluwa sindikudandaula nayo. Botololo ndi la Whitefriars, fakitale ya magalasi ya ku England imene inatsekedwa mu 1980, mtundu uja wamakwinya umene Geoffrey Baxter, katswiri wokonza maonekedwe a magalasi pafakitalepo, anatulutsa mu 1967, atagwiritsa ntchito makungwa enieni a mitengo pokonza chikombole chake. Langali ndi lamtundu wa lalanje. Iwo ankaumirira kuti ndi la ku Murano, malo otchuka popanga magalasi ku Italy, poti kwa iwo galasi lililonse lolemera ndi Murano basi. Ati linachokera m'nyumba ina yakale cha ku Mulunguzi, ya nthawi ija Zomba inali likulu, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Izo n'zotheka.

Vuto ndi ili. M'kati munali zoyera zokakamira, zija zimatsala madzi akakhalitsa m'galasi. Ndinawauza momveka bwino kuti, "Abambo, chonde musalitsuke, ndikatsuka ndekha kunyumba." Iwo amvekere, "Musade nkhawa mayi, palibe alikhudze." Ndinangopita kwa ejenti kukatapa ndalama. Pobwerera ndinapeza mnyamata wawo wakhala pabenchi, wathira mchenga m'botolomo, wamangirira sitiliwulu kukamtengo, akukwecha ndi mphamvu zonse ngati poto wa nsima yopserera. Galasi lazaka zoposa makumi anayi! Nditaliyang'ana padzuwa, m'kati monse munali mikwingwirima. Abambowo m'malo mopepesa anandifunsa kuti, "Takuyeretserani ulere, ndiye mukudandaulanso?" Kuchotsako ngakhale K5,000 anakana, ati pali mzungu wina akulifuna. Mzungu ameneyo sasowa pakamwa pawo, aliyense amene anagulapo kumeneko akumudziwa.

Ndinalitengabe, mtima uli phuliphuli. Kunena zoona, mkwiyo unayamba kutsika nditafika nalo ku Matawale. Ukathiramo madzi mikwingwirimayo sioneka kwenikweni, ndipo makwinya akunja amabisa yotsalayo. Pansi pake ndi pochindikala, galasi loyera lokuta lalalanje, ndiye silipendekeka ngakhale muikemo maluwa ataliatali. Pakamwa pake palibe pobenthuka, apa pokha abambowo sananame. Lili pashelefu ya pabalaza pafupi ndi windo, ndipo alamu anga amene sayamikira kanthu anafunsa kumene ndinaligula.

Zoyera zija zimangofuna kuthiramo viniga n'kusiya usiku wonse, m'mawa n'kukhutchumula ndi timpunga pang'ono. Osati mchenga, osatinso madzi otentha, galasi lochindikala chonchi limatha kung'aluka.

Ogulitsawa ndikuwapatsa nyenyezi zitatu. Katundu ali naye wabwino, ndinaonaponso lina lobiriwira lomwe ndikulisirira. Koma mukapitako tengani ndalama m'manja, mulipire pomwepo, mulikulunge nokha m'chitenje mnyamata uja asanaliyandikire.