Laputopu ndi yabwino, koma mnyamata wa pa kauntala uja anandinamiza

Ndikupereka nyenyezi ziwiri, ndipo ziwirizo ndi za makina, sitolo siyikulandirapo kanthu. Amene mumagula zamagetsi m'tauni muno mwa Harare mukuyidziwa, ili pamwamba pa masitepe opapatiza ukachoka pa siteji ya makombi ya Copacabana kulowera m'kati mwa tauni, magalasi ake odzaza ndi mabokosi oyera. Dzina sinditchula, koma mnyamata wovala wotchi yaikulu amene amathamangira aliyense wolowa pakhomo ndi amene nkhaniyi ikumukhudza.

Ine ndimasunga mabuku a ndalama a malole onyamula katundu pakati pa Harare ndi Blantyre kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Laputopu yanga yakale itatha batire ndi mahinjesi, mu Febuluwale 2025 ndinakagula laputopu ya kampani ya Apple, MacBook Air ya chip (ubongo wa kompyuta) ya M3, ya mainchesi 13, RAM (memore imene kompyuta imagwirira ntchito) 8GB, pa madola a ku America 1,250, umene unali mtengo wa m'tauni nthawi imeneyo. Ndinalipira kashi. Mnyamatayo anaunika pepala lililonse pa getsi, n'kundibwezera limodzi la 50 chifukwa linali ndi kong'ambika kakang'ono pakona. Ndalama yanga anaiyang'anitsitsa chotero, koma mawu amene anandipatsa iyeyo sanawayang'anitsitse n'komwe.

Ndisanatulutse ndalama ndinamufunsa mafunso awiri okha, ndipo ndinafunsa momveka. Loyamba ndinati, "Achimwene, yatsopano ikutuluka liti? Ngati ili pafupi ndingodikira, ndibwereke ya ku ofesi kaye." Sanaganize n'komwe. Anati, "Amayi, Apple imatulutsa zinthu zake mu Seputembala basi. Mukati mudikire, mudikira mpaka mvula ina. Komanso ikadzatuluka idzakhala yodula kuposa iyi, dola ikukwera." Lachiwiri ndinati 8GB ikuoneka yochepa pa ntchito yanga. Apa ndiye anamwetulira, n'kugogoda bokosi ndi chala, amvekere, "Zimenezo musade nazo nkhawa, mukadzaona kuti yachepa mudzangobwera nayo tidzakuwonjezereni, ndi ndalama yochepa." Ananena ngati munthu amene amachita zimenezo tsiku lililonse.

Pa 5 Malichi mwana wa mchemwali wanga wa ku Lilongwe ananditumizira uthenga pa WhatsApp. Apple inali italengeza MacBook Air ya M4, RAM 16GB kuyambira pa yotsika mtengo, pa madola 999 ku America, kutsika ndi madola 100 poyerekeza ndi 1,099 imene M3 inayambira. Mwezi unali usanathe chigulireni yanga. Mwanayo anawonjezeranso china chimene chinandiwawa kuposa choyambacho. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala 2024, Apple inali itasiya kale kugulitsa Air ya 8GB, M2 ndi M3 zonse zinali zitakwezedwa kufika pa 16GB popanda kusintha mtengo. Ndiye kuti imene anandigulitsa ine inali katundu wotsala wa nthawi imeneyo isanafike, koma pamtengo wa katundu watsopano. Zili ngati munthu wokugulitsa chimanga chofumbwa mu Malichi n'kumalumbira kuti kukolola kudakali kutali.

Ndinabwerera nayo ili m'bokosi lake, lisiti lili m'manja. Mnyamata uja atandiona anayamba wachita ngati sakundikumbukira, mpaka nditaika bokosi pa kauntala. Ndinamuonetsa foni. Anayang'ana mwachidule n'kunena kuti, "Aa, amayi, ife sitigwira ntchito ku Apple, tingadziwe bwanji?" Ndinamuuza kuti yankho limenelo ndi limene ndinkafuna mu Febuluwale. Akanati sakudziwa, ine ndikanasankha ndekha kudikira kapena kugula, ndipo lero sindikanakhala ndi mlandu naye. Koma iye anatchula mwezi, anati Seputembala, nkhope ili gwa. Anayankha kuti mafoni amatulukadi mu Seputembala. Zoona, iPhone imatuluka mu Seputembala, koma ine sindinabwere kudzagula foni.

Ndiye ndinati chabwino, za mwezi tizisiye, ndiwonjezereni RAM ija munalonjeza, ndilipira. Anakanda kumutu, n'kukaitana wokonza amene amakhala kuchipinda cha kuseri. Anatuluka bambo wachikulire ndithu, magalasi ali pamphuno, kasikuludiraiva kali m'thumba la malaya. Atamva pempho langa sanatsegule n'komwe bokosi. Anati, "Mayi, pa izi za M1, M2, M3 RAM ili pamodzi ndi chip yake, inamatidwa ku fakitale. Palibe pochotsa, palibe powonjezera. Imene mwagula nayo ndi imene mudzafe nayo." Kenako anacheukira mnyamatayo n'kumufunsa m'Chishona kuti anandiuza chiyani. Mnyamatayo anayamba kukonza mabokosi a mahedifoni amene anali okonzeka kale.

Mwini sitolo sanali pomwepo, anamuimbira foni. Sindinamuonepo nkhope mpaka lero, ndimangodziwa mawu ake. Anati lisiti lili ndi chidindo chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndipo makinawo alibe vuto lililonse. Ndinati vuto lili pa zimene wantchito wanu ananena. Anati zimenezo sizinalembedwe pena paliponse. Kenako, ngati akundichitira chifundo, anati akhoza kuigula kwa ine pa madola 800, n'kudzandipatsa ya M4 ikafika ndikawonjezera ndalama. Laputopu yosakwana mwezi, yopanda ngakhale kokanda kamodzi, yataya madola 450 pa kauntala yomweyo imene inagulidwa! Ndinamufunsa kuti ya M4 ifika liti. Anati sakudziwa, zimadalira amene amawabweretsera katundu. Pa anthu onse a m'sitolomo, uyu yekha ndiye ananena mawu akuti sakudziwa, ndipo anawanena pamene ndalama yanga inali kale m'thumba mwake.

Ndinakweza mawu, sindibisa, anthu amene ankaona mafoni anasiya n'kumationerera. Amene anandiziziritsa mtima ndi mtsikana wa pa thilu. Nthawi yonseyi anali chete, koma atamva ndikung'ung'udza ndekha m'chinenero chathu anandiyandikira n'kunena chapansipansi, "Pepani amayi, khalani pansi kaye." Ndi wa ku Mufakose, agogo ake anachokera ku Dedza kalekale, Chichewa chake n'chosakanikirana koma chomveka bwino. Anandiuza mosabisa kuti mabokosi a 8GB aja anabwera mu 2024 kuchokera ku Dubai, abwana ankafuna achoke msanga, ndipo anyamata amalandira kangachepe pa bokosi lililonse limene agulitsa. Sanandibwezere ndalama, analibe mphamvu imeneyo. Koma anandisinthira chaja. Imene inali m'bokosi inali ya timano tiwiri tafulati ta ku America, yosalowa m'masoketi athu a mabowo atatu, ndipo ndinkailumikiza ndi adaputa ya pamsewu imene inkathetheka moto ukaigwedeza. Iye anandipatsa mutu woyenera wa timano titatu ndi kachikwama kotetezera, osandilipiritsa. Anandionetsanso polowetsa nambala ya makina pa webusaiti ya Apple kuti ndione ngati chitsimikizo cha chaka chimodzi chilipo, ndipo chinalipodi. Ngati mwini sitolo awerenga izi, adziwe kuti mtsikana ameneyu ndi amene anachititsa kuti ndisapite nayo patali nkhaniyi.

Tsopano za makinawo, chifukwa ndakhala nawo miyezi ingapo ndipo mkwiyo wanga sukuwakhudza. Batire yake ndi yodabwitsa. Kwathu ku Mabvuku magetsi akazima m'mawa kumabwera usiku, koma ndimagwira ntchito tsiku lonse osasaka soketi. Apple imati imafika maola 18, ine sindinayezepo ndi wotchi, ndingoti sinandithereko ntchito ili m'kati. Ilibe fani, ndiye siilira, ndipo siikoka fumbi ngati yakale ija imene inkachita phokoso mpaka wa pafoni kumandifunsa ngati ndili m'galimoto. Ndi yopepuka, imalowa m'chikwama cha m'manja, mu kombi ndimaikumbatira pamiyendo popanda wodziwa kuti ndanyamula chiyani. Chingwe chake chochajira ndi cha maginito. Tsiku lina mdzukulu wanga anachikola ndi phazi akuthamanga, chingwe chinangodumpha chokha, laputopu inatsala pa tebulo osasuntha. Yakale ija ikanakhala pansi.

Pamene 8GB imaonekera ndi kumapeto kwa mwezi. Ndikatsegula ma Excel akuluakulu a mafuta ndi zolipira pa malire, masamba ambiri a Chrome, WhatsApp ya pa kompyuta, kenako abwana n'kuitanitsa msonkhano wa pa Zoom, kampira ka mitundumitundu kosonyeza kuti makina atanganidwa kamayamba kuzungulira pa sikirini. Siima, imangochedwa, ndipo ndaphunzira kutseka zina. Munthu wongolemba makalata ndi kuonera mafilimu sangadandaule. Koma ine ndinafunsa za chinthu chimenechi ndisanagule, ndipo nthawi iliyonse kampirako kakazungulira ndimaona chala chija chikugogoda bokosi.

Za funso loti zatsopano zimatuluka liti, ndafufuza ndekha pambuyo pake, ndipo ndaona kuti mnyamata uja akanatha kuyankha bwino akanafuna. Apple sinena tsiku pasadakhale, zimenezo n'zoona, ndipo Air siituluka mwezi umodzimodzi chaka chilichonse. Ya M1 inatuluka mu Novembala 2020, ya M2 inalengezedwa mu Juni 2022, ya M3 mu Malichi 2024. Palibe ngakhale imodzi mwa zimenezi ya mu Seputembala. Komanso zizindikiro zinalipo poyera. Chip ya M4 inayamba kuoneka mu iPad Pro mu Meyi 2024, kenako kumapeto kwa Okutobala inalowa mu iMac, Mac mini ndi MacBook Pro. Air inali itatsala m'mbuyo, ili pafupi kukwanitsa chaka, ndipo olemba nkhani za makompyuta anali akunena kale kuti ikubwera kumayambiriro kwa 2025. Munthu amene ntchito yake ndi kugulitsa zinthu zimenezi, foni ili m'manja tsiku lonse, sangandiuze kuti sanamveko.

Za Windows nazonso zili ndi nyengo yake. Makampani ambiri amaonetsa zatsopano pa chionetsero cha CES ku Las Vegas mu Januwale, ena pa Computex ku Taipei chakumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, ena pa IFA ku Berlin mu Seputembala. Koma kulengeza kunja ndi kufika pa shelefu ku Harare ndi zinthu ziwiri. Katundu wa masitolo ang'onoang'ono ngati iyi amadzera ku Johannesburg kapena ku Dubai, m'manja mwa anthu oyenda, ndipo mtengo wa 999 uja ukawonjezera ulendo, msonkho ndi phindu la aliyense wogwirapo umafika pena. Pamenepa ndiye ndimafewako pang'ono. Ndikanadikira, mwina ndikanadikira mpaka Epulo kapena Meyi, ndikugwira ntchito pa kompyuta yobwereka, ndipo ndikanalipira ndalama yoposa imene ndinalipira. Mwina ndikanagula yomweyi ndithu, koma ndikanaigula nditanenerera mtengo, ndikudziwa kuti ndi katundu wotsala.

China chimene ndinaona nditakhala pa mpando uja kudikira foni ya abwana awo, ndipo chikundidetsa nkhawa chifukwa cha makolo anzanga. Pa shelefu ya kumanzere pali malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku UK, a HP ndi Lenovo, ambiri a Intel ya m'badwo wa 6 ndi wa 7. Mnyamata yemwe uja ankauza bambo wina wogulira mwana wake wa ku koleji kuti imeneyi imutumikira mpaka amalize sukulu. Microsoft inali italengeza kale kuti idzasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo pamodzi ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Makinawo adzayakabe, koma osalandira zotetezera zatsopano mwa nthawi zonse. Bamboyo sanauzidwe zimenezi. Ine panthawiyo n'kuti ndisanazidziwe, ndikanamukoka malaya.

Ndinadutsako posachedwa kukagula mbewa ya kompyuta kwa mtsikana uja, chifukwa iyeyo ndimugulabe. Ya M4 inafika, ya mtundu wabuluu wotuwa uja ili pagalasi, mtengo wake sanaulembe, umafunsa. Mabokosi a M3 ya 8GB akadalipo, atsitsidwa pang'ono chabe, ndipo papepala la mtengo analembapo M3 ndi 256GB koma za RAM sanalembepo. Mukapitako pemphani bokosi, mulitembenuze muwerenge kachizindikiro ka kumbuyo nokha, pamenepo RAM inalembedwa. Chilichonse chimene mnyamata wa wotchi uja angalonjeze, muuzeni achilembe pa lisiti asanayambe kuunika ndalama zanu. Wokonza wa kuseri uja ndi munthu woona, ngati muli ndi funso la zam'kati mwa makina pemphani kuti atuluke iyeyo.