Buku la nkhondo ya Iraq ndi Kuwait, zamkati zili bho koma anandigulitsa fotokope

Ndikupereka nyenyezi 3 pa 5, ziwirizo zachoka chifukwa cha ogulitsa osati nkhani yake ayi.

Ndinaligula mwezi watha kwa ena ake ogulitsa mabuku pa WhatsApp, anati ndi orijino, koma litafika kungotsegula envulopu ndikuona fotokope yomata ndi tepi yakuda kumsana, masamba ena inki yatuwa moti umachita kuunika ndi tochi ya foni. Ndalama ndiye ndinalipira ya orijino yomweyo.

Koma nditayamba kuwerenga ndinaiwalako mkwiyo. Ine ndinkangodziwa kuti Saddam Hussein, mtsogoleri wa Iraq, analowa mu Kuwait pa 2 August 1990 basi, ndimati ndi dyera chabe. Kani nkhani inayambira kutali, mu 1961 Kuwait itangopata ufulu kwa Angerezi, Abd al-Karim Qasim yemwe ankalamula Iraq nthawi imeneyo ananena kale kuti dera limenelo ndi lawo, mpaka asilikali a Britain anabwereranso kukalondera kenako nkusiyira a Arab League, bungwe la mayiko a Aarabu.

Chaputala cha ngongole ndi chomwe ndinachibwereza kawiri. Pa nkhondo ya Iraq ndi Iran ija, 1980 mpaka 1988, Kuwait ndi amene ankamubwereka Saddam ndalama, pafupifupi madola 14 biliyoni. Nkhondo itatha mkuluyo akuti ngongoleyo ifafanizeni, si ine ndimakutchingirani kwa Iran? A Kuwait anakana. Ndiye ayambe kuwanena kuti akupopa mafuta mopyola mlingo wa OPEC, bungwe la mayiko ogulitsa mafuta, mpaka mtengo wagwa, akutinso akuba mafuta a ku Rumaila kumalire, kwinaku maso ali pa zilumba za Bubiyan ndi Warbah poti Iraq gombe lake la nyanja ndi kachidutswa chabe. Munthu wakubwereka ndalama mawa ukamulande nyumba ndi kunena kuti ndi chigawo chako cha nambala 19, eeh ndinaseka ndekha mu minibasi anthu kundiyang'ana.

Chinanso chomwe bukuli lachita bwino, silinangokakamira pa Amerika ndi ndege zawo. Likuonetsa mmene Aarabu okhaokha anagawanikira. Egypt ndi Syria anatumiza asilikali kukamenya Iraq, Mfumu Hussein ya ku Jordan inakana kulowa nawo mgwirizano wa Amerika womenya Iraq, Yemen inavotera kukana ku UN zoti Iraq imenyedwe ndiye Saudi Arabia inathamangitsa anthu a ku Yemen ambirimbiri omwe ankagwira ntchito kumeneko. Yasser Arafat, mtsogoleri wa ma Palestine, anaoneka kuti ali mbali ya Saddam, olipira anali ma Palestine wamba okhala ku Kuwait, ambiri anachoka osabwereranso. Apa mpomwe panandikhudza, anthu aganyu kuvutika pa zosankha za mabwana.

Tsono vuto ndi ili. Mapu onse ndi mdima wokhawokha, Kuwait ndi kadziko kakang'ono kale ndiye pa fotokope kakungooneka ngati kadontho ka inki, ndinachita kutsegula mapu pa foni kuti ndione mzinda wa Basra wa ku Iraq uli pati. Chithunzi cha zitsime za mafuta zoposa 600 zomwe asilikali a Iraq anayatsa pothawa mu February 1991 ndiye hiii, utsi ndi inki osasiyanitsa. Masamba anayi a chaputala cha Desert Storm, nkhondo yochotsa Iraq mu Kuwait, mulibemo, umachoka pa 17 January mabomba akuyamba kugwa ku Baghdad, kutembenuza tsamba nkhondo yatha kale.

Komanso ndi lakalekale, likuthera pa 2003. Zoti Iraq inamaliza kulipira chipukuta misozi cha nkhondoyi cha madola 52.4 biliyoni mu 2022 musayembekezere kuzipezamo, za Saudi Arabia ndi anzake kutsekera Qatar malire mu 2017 mulibenso.

Ngati mukufuna kugula muuzeni wogulitsayo akutumizireni kaye vidiyo akutsegula masamba, makamaka a mapu. Ine ndinawalembera za masamba osowawo anangoti tikutumizirani bwana, pano masabata atatu akwana, ma tiki awiri a buluu basi.