Patatha miyezi 8 kakamera kali paphiko la glider yanga

Mu June chaka chatha ndinagula kakamera kaja ambiri amangokatchula kuti GoPro, ngakhale kanga ndi ka kampani ina. Ndimakamangirira kunja kwa glider yanga, ndege yaing'ono yopanda injini, yoyendetsedwa ndi rimoti, yomwe ndimaulutsa m'mbali mwa phiri la Mpingwe ku Blantyre. Chimene ndaona m'miyezi yonseyi n'chakuti kamangidwe kake n'kofunika kuposa mtengo wa kamerayo.

Tsiku loyamba ndinakamata paphiko lamanzere, ndege n'kumangopendekekera komweko. Kulemera kwake n'kochepa ukakanyamula m'manja, koma kukakhala kutali ndi thupi la ndege kumakoka, komanso kamatchinga mphepo. Ndinakasunthira pafupi ndi thupi, kuphiko linalo ndikumata ma K10 achitsulo angapo ndi tepi mpaka mbali zonse zitafanana. Chomatira chake chimafuna maola 24 chisanagwire bwino, ndipo phiko liyambe lapukutidwa fumbi. Ndimamanganso ndi ulusi wa mbedza, chifukwa mu October dzuwa linafewetsa chomatiracho, kamera n'kutsala lende pa ulusiwo. Ukadapanda ulusi, bwenzi ndikuifunafuna m'minda ya ku Bangwe mpaka lero.

Chimene chinandiopsa kwambiri ndi wifi. Rimoti yanga imagwira pa mafunde a wailesi a 2.4 GHz, wifi ya kamera nayonso chimodzimodzi. Tsiku lina ndinaiwala kuizimitsa, ndege itapita patali inasiya kundimvera kwa kanthawi, mtima unali m'mwamba. Panopa ndimazimitsa ndisanaponye.

Zithunzi zake n'zokhazikika popeza palibe injini yogwedeza. Ndimajambula pa 1080p, mafulemu 60 pa sekondi. 4K, yomwe zithunzi zake zimaoneka bwino kuposa za 1080p, imadya batire ndi memori khadi, komanso kamera imatentha n'kuzima yokha ukaisiya yoyaka pansi podikira mphepo. Mawu musayembekezere, ndi mkokomo wokhawokha ngakhale mutaika siponji.

Nyengo ya kuno ili ndi zake. Mwera wa June ndi July umanyamula ndege bwino ukawomba phiri, koma chiperoni chikabwera galasi limachita nthunzi. September ndi October utsi wa moto wa m'tchire umaphimba zonse. Zithunzi zimene ndimazinyadira ndi za pambuyo pa mvula yoyamba, pamene Chiradzulu ndi Mulanje zimaoneka mbee ndege ikamakhota. Ulendo wina kamera inaloza ku Soche, ndipo ndikuonera kunyumba ndinakumbukira matope amene anatsika ku Chilobwe nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023. Ndinaimitsa kanemayo, ndinakhala chete kanthawi.

Galasi lakutsogolo lakalika kawiri potera pamiyala, mwayi wake limachotsedwa n'kuikapo lina. Batire tsopano ikutha msanga kusiyana ndi poyamba. Kodi ndingagulenso? Inde, koma ndingasankhe kopepuka kuposa aka. Ndipo kwa amene akufuna kuyamba, chonde musaulutsire chakufupi ndi bwalo la ndege la Chileka.