Android Studio pa kosi yopanga ma app kukoleji: ndi yolemera, koma imaphunzitsa

Aliyense wolowa kosi yopanga ma app a foni kukoleji amakumana ndi Android Studio sabata yoyamba. Ndi pulogalamu yaulere ya Google, yomangidwa pa IntelliJ IDEA ya kampani ya JetBrains, ndipo inatuluka mu Disembala 2014. M'menemo ndimo mumalembedwa ma app a native, olankhula mwachindunji ndi kamera, GPS ndi ziwalo zina za foni. Chinenero chake chachikulu cholembera ma app ndi Kotlin, chomwe Google inachiika patsogolo mu 2019.

Tisabise, pulogalamuyi imadya kompyuta. Pa RAM ya 8 GB imatseguka ndithu, koma mukayatsa emulator, foni yongoyerekeza ija, laputopu imatentha ndipo zonse zimayamba kukwawa. Mtendere umabwera ndi 16 GB komanso SSD. Emulator ikakaniratu kudzuka, onani mu BIOS, menyu yolowa kompyuta ikangoyaka, ngati VT-x kapena AMD-V, mbali ya purosesa yothandiza emulator kuyenda, ndi yoyatsa. Tsiku loyamba Gradle, chida chomangira app yanu, imakoka mafayilo ambiri, ndipo intaneti ikaduka pakati, sikirini yonse imachita psuu ndi zolakwika zomwe si zanu. Musafufute kalikonse. Lumikizaninso intaneti, dinani Sync Project with Gradle Files.

Wa laputopu yofooka agwiritse ntchito foni yeniyeni. Lowani mu Settings, kenako About phone, dinani Build number ka 7, ndipo Developer options itseguka. Yatsani USB debugging, lumikizani chingwe, vomerezani uthenga wotuluka pa foni. Foni ikapanda kuoneka, sinthani chingwe, poti zina n'zotchajira basi. Kuyambira Android 11 mungalumikizenso pa Wi-Fi.

Chomwe timaikondera kwambiri Android Studio ndi Logcat, kawindo kosonyeza mauthenga ochokera ku app ikamayenda. App ikatsekeka yokha, wophunzira watsopano amangoyang'ana foni kukamwa kuli yasa, pamene yankho lili m'kawindo ka m'munsi. Sakani mawu akuti FATAL EXCEPTION, tsikirani pa mzere wotchula fayilo yanu, dinani, ndipo mufika pomwe pavutapo. Mukaona NetworkOnMainThreadException, ndiye kuti mwapempha zinthu pa intaneti kudzera pa main thread, yomwe ntchito yake ndi kujambula sikirini. Ntchito yoteroyo ipite mu coroutine ya Dispatchers.IO, njira ya Kotlin yoigwirira pambali osaimitsa sikirini. Mukaiwala chilolezo cha INTERNET mu fayilo ya AndroidManifest.xml, Logcat ikuuzaninso. Mphunzitsi amene sapatula tsiku lophunzitsa kuwerenga Logcat akuwamana ophunzira chinthu chachikulu.

Pali vuto lina lomwe silituluka ngati cholakwika. Lembani manambala m'kabokosi, tembenuzani foni chopingasa, zonse n'kufufutika. Android imapha Activity, gawo la app loonetsa sikirini, n'kuipanganso foni ikatembenuzidwa, choncho zosungidwa ndi lamulo la remember zimatayika. Mankhwala ake ndi rememberSaveable, kapena ViewModel ngati zosungazo zachuluka. Yesani zimenezi musanapereke ntchito, chifukwa wochonga wodziwa amatembenuza foni.

Chokhumudwitsa n'chakuti pulogalamuyi imasintha pafupipafupi. Poyamba ntchito yatsopano, kusankha Empty Activity kumakupatsani Jetpack Compose, njira yatsopano yopangira sikirini, pamene Empty Views Activity ndi ya njira yakale ya XML. Mukasankha molakwika, notsi za m'kalasi sizigwirizana ndi zomwe mukuona. Ntchito ya mnzanu ingakanenso kutseguka kwa inu chifukwa Gradle kapena JDK (zida za Java) yanu ndi yosiyana ndi yake. Kalasi yonse igwirizane mtundu umodzi, ndipo uthenga wopempha kukweza Gradle muziukana mpaka teremu ithe.

Za iPhone musaziyembekezere muno, zimenezo zimafuna pulogalamu ya Xcode, chinenero cha Swift ndi kompyuta ya Mac. Kulembetsa ngati wopanga ma app ndi madola 25 kamodzi kokha ku Google Play, ndi madola 99 pachaka ku Apple. Pa ntchito ya m'kalasi ndalamazo sizifunika: tulutsani fayilo ya APK, yoikira app pa foni, kudzera pa menyu ya Build, mutumize kwa mphunzitsi pamodzi ndi foda ya ntchito yonse, mutachotsamo foda ya build kuti isaleme.