Power BI Desktop: ndi yabwino, koma muyambe mwakonza madeti

Ndimagwiritsa ntchito Power BI Desktop ya Microsoft pokonza malipoti a bizinesi yathu yopikulitsa katundu wa m'magolosale. Ndi pulogalamu yamphamvu, ndipo kuitsitsa n'kwaulere, ngakhale imagwira pa Windows pokha. Komabe ziwerengero zake zimakhala zodalirika pokhapokha madeti ndi kulumikizana kwa matebulo zitakonzedwa bwino.

Madeti a malonda athu amabwera m'mafayilo a CSV (mafayilo osungira matebulo ngati mawu wamba), olembedwa moyamba ndi tsiku monga timalembera kuno. Kompyuta ikakhala kuti inatcheredwa kalembedwe ka ku America, 03/04/2025 imawerengedwa ngati 4 Malichi m'malo mwa 3 Epulo. Deti lomwe tsiku lake lapitirira 12 limaonetsa Error, choncho mumalizindikira msanga, koma pa madeti enawo tsiku ndi mwezi zimangosinthana mwakachetechete, malonda a mwezi wina n'kugwera m'mwezi wina. Mankhwala ake ali mu Power Query, gawo la pulogalamuyi lokonzera matebulo asanagwiritsidwe ntchito, posintha mtundu wa kolamu kudzera pa Using Locale ndi kusankha English ya ku United Kingdom. Kolamu yomwe ili ndi deti ndi ola limodzi nayonso iyenera kusinthidwa kuti itsale ndi deti lokha, apo ayi siigwirizana ndi tebulo la kalendala (tebulo la masiku onse lomwe malonda amalumikizidwako), ndipo malonda ambiri amaunjikana pa mzere wolembedwa Blank.

Ndikulangiza kuzimitsa setingi ya Auto date/time, chifukwa imapanga tebulo lobisika pa kolamu iliyonse ya madeti n'kulemeretsa fayilo. Tebulo limodzi la kalendala, lopanda tsiku lodumphidwa kapena lobwerezedwa, n'lokwanira, ndipo kwa ife amene chaka chathu cha zachuma chimatha mu Malichi, fomula ya CALENDARAUTO(3) imalipanga mosavuta.

Chomwe chimafuna kuleza mtima ndi chakuti pakati pa matebulo awiri pamagwira ntchito kulumikizana kumodzi kokha nthawi imodzi. Invoisi ili ndi deti logulitsira ndi deti lolipirira, choncho mukalumikiza onse awiri ku tebulo la kalendala, kulumikizana kwachiwiri kumaoneka ngati mzere wodukizadukiza, ndipo kumagwira ntchito pokhapokha mukakuitana ndi fomula ya USERELATIONSHIP mkati mwa fomula ya CALCULATE. Lamuloli n'lomveka, poti limaletsa kuti funso limodzi likhale ndi mayankho awiri, koma munthu wozolowera Excel sangalitulukire yekha msanga.

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Oyang'anira zachuma amene akufuna kuigwiritsa ntchito ayambe ayerekeza malonda a mwezi umodzi ndi mabuku awo asanapereke lipoti kwa abwana.