Ndemanga: chofukizira utsi wozizira cha sefa yachitsulo, ndi zimene zimachizimitsa

Ndikuchipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Chimagwira ntchito imene anachipangira, koma sichilola utuchi wonyowa ngakhale pang'ono, ndipo kapepala ka malangizo kamene kamabwera nacho sikafotokoza zimenezi mokwanira.

Kwa amene sanachione, ndi chipangizo chofukizira nyama ndi utsi popanda kuiphika: kathireyi ka makona anayi, pafupifupi masentimita 15 mbali iliyonse, kopangidwa ndi sefa ya chitsulo chosachita dzimbiri. M'kati mwake muli timakoma togawa kanjira kamodzi kokhotakhota, koyambira m'mphepete n'kukathera pakati. Mumadzaza utuchi m'kanjirako, n'kuyatsa koyambira, ndipo moto umanyeka pang'onopang'ono ngati koyilo ya udzudzu. Mumalowa utuchi wokwana magalamu pafupifupi 100, ndipo zonse zikakhala bwino umafuka maola 8 mpaka 10. Sichifuna magetsi, chilibe fani, chilibe choti n'kuwonongeka. Kutentha kumene chimawonjezera m'bokosi lofukiziramo nyama n'kochepa kwambiri, ndipo apa m'pamene chimaposa mbale ya makala imene ena amayesa kugwiritsa ntchito.

Vuto n'lakuti khala lake ndi laling'ono kwambiri, kukula kwake ngati chikhadabo. Kanthu kakang'ono kakangolakwika limafa, ndipo mumadzuka m'mawa n'kupeza mzere woyamba wokha utapsa, ina yonse ili chidzadzire.

Nthawi zambiri wolakwa ndi utuchi. Utuchi umayamwa chinyezi cha mumpweya ngakhale uli m'thumba lomanga, ndipo m'manja umamveka wouma pamene m'kati muli madzi okwanira kuzimitsa khala. Chifukwa chake n'chakuti khalalo liyenera kuyamba laumitsa utuchi umene uli patsogolo pake lisanauyatse. Madzi akachuluka, kutentha konse kumathera pa kuumitsako. Choncho musadalire kuukhudza. Yalani utuchi pa thireyi mopyapyala, uikeni mu uvuni pa 100°C kwa mphindi 30 mpaka 60, mukuutakasa kamodzi pakati. Mu microwave zimathekanso: masekondi 30 mpaka 60 nthawi imodzi, kutakasa, kubwereza, muli pomwepo, chifukwa utuchi umatha kuyaka mmenemo. Mukaona nthunzi ikutuluka potakasa, dziwani kuti ukadazima ndithu. Wotsala usungeni m'botolo kapena m'chitini chotseka bwino, osati m'thumba limene unabweramo.

Kukula kwa utuchi nako kuli ndi mbali. Chipangizochi chimafuna utuchi wosalala, wonga mchenga. Tizibenthu ta nkhuni ndiponso ma pellet (timibulu ta utuchi wotsendera) amasiya mipata imene khala silingadumphe, ndiye musawayese n'komwe muno. Ali ndi zofukizira zawo za mabowo akuluakulu. Mitengo nayo imanyeka mosiyana. Utuchi wa mitengo ya oak ndi beech umanyeka mokhazikika. Wa mitengo ya zipatso, monga apulo ndi cherry, fungo lake n'lofewa bwino koma nthawi zina umavuta, makamaka ngati ndi wokhakhala. Ukamazima pawokha, usakanizeni theka ndi theka ndi wa beech. Wa paini ndi mitengo ina ya utomoni ayi: utsi wake umawawitsa nyama. Utuchi wa matabwa opaka mankhwala, a penti kapena a guluu ndi poizoni, ndipo wochokera ku makina ochekera a tcheni umakhala ndi oilo.

Podzaza, thirani mpaka utuchi utsale pang'ono kufika pamwamba pa timakoma, kenako gogodani thireyi patebulo kangapo kuti ukhazikike wokha. Salazani ndi chala mopepuka. Mukautsendera kwambiri mpweya sudutsa ndipo khala limabanika. Mukausiya wa mphakomphako, moto umafika pa mpata n'kuthera pomwepo. Samalani kwambiri m'makona, chifukwa m'mene chimazimira kawirikawiri: pamenepo khala lazunguliridwa ndi chitsulo chambiri chimene chimaba kutentha, ndipo m'pamenenso utuchi umakonda kuchepa. Onjezani pang'ono pa kona iliyonse. Pomaliza pukutani pamwamba pa timakoma. Utuchi ukatsalira pamenepo moto umawolokera mzere wina, thireyi yonse n'kupsa m'maola atatu ndi utsi wochuluka komanso kutentha kumene simukufuna.

Kayatsidwe ndi kumene ndachotsera nyenyezi ija. Pakona imodzi pali kamalo koikapo kakandulo kakang'ono ka m'kachitini, kuti lawi lake liziwotcha utuchi kudutsa pa sefa. Zimatheka, koma kamphepo kakang'ono kamalipindira kumbali, ndipo anthu ambiri amachotsa kanduloyo akangoona utsi woyamba. Utsi woyambawo sutanthauza kuti wagwira. Dikirani mpaka muone kadera kakuda ka masentimita awiri kapena atatu, kofiira m'kati mukakauzira pang'ono. Pamenepo chotsani kanduloyo, musaisiye, chifukwa imatha kuyatsa mzere wachiwiri kapena kusandutsa kunyeka kukhala lawi. Kachipangizo kakang'ono kolavula lawi la gasi kamagwira ntchitoyi bwino kuposa kandulo, bola musawombe mwamphamvu n'kumwaza utuchi. Siyani thireyi panja kwa mphindi 10 mpaka 15 isanalowe m'bokosi, ndipo mukaiika, bwererani patatha theka la ola kukaona.

Tsopano mpweya. Ambiri amatseka mabowo onse poganiza kuti utsi ukatsekeredwa nyama ikoma msanga. Zotsatira zake n'ziwiri ndipo zonse n'zoipa: khala limasowa mpweya, ndipo utsi wokhalitsa umasiya phula lowawa pa nyama. Pamafunika bowo lolowera mpweya pansi, pafupi ndi thireyi, ndi lina lotulukira pamwamba, onse otsegula. Thireyi ikhale pa timiyendo take kapena pa waya, osati mwachindunji pa chitsulo chozizira kapena pa simenti yonyowa, chifukwa khala limapumira pansi. Usiku wozizira kwambiri kapena wa nkhungu utsi umatha kuima osakwera, popeza chipangizochi sichitenthetsa mpweya mokwanira kuti uzikoka wokha. Kutsegula kwambiri bowo la pamwamba kumathandiza, ndipo kapaipi kakafupi pamwamba pake kamathandiza koposa. Mphepo yamphamvu nayo siifunika, imafulumizitsa moto. Utsi woyenera ndi wopyapyala, wotuluka mosalekeza; ngati ukuoneka ngati wochepa, nthawi zambiri ndiye wokwana.

Chinanso chimene chimapha khala ndi dontho limodzi lochokera pamwamba, kaya la madzi a nyama, kaya la nthunzi imene yaundana pa denga la bokosi. Ikani thireyi yolandira madontho pakati pa nyama ndi chofukizira, musiye mpata wa masentimita 10 kapena kuposa kuti utsi uzidutsa. Koma kwenikweni nyama siyenera kulowa ikudontha. Mukaichotsa mu mchere, itsukeni, ipukuteni, muisiye m'firiji yosaphimba kwa maola 12 mpaka 24 kufikira kunja kwake kutauma n'kumamata pang'ono mukakhudza. Utsi umagwira bwino pa nyama yotero, ndipo m'bokosi simudzaza chinyezi.

Sefa imatsekeka, ndipo ichi n'chofooka chenicheni cha chipangizochi. Mukachigwiritsa ntchito kangapo, phula ndi phulusa zimamata timabowo, makamaka pansi. Chikwezeni kumene kuli kuwala: ngati simukuona bwino kuseri kwake, chidzazima ngakhale utuchi utauma chotani. Chikwecheni ndi burashi ya waya chikazizira, nthawi iliyonse. Chikamata kwambiri, chiwaulireni pa lawi la gasi kuti phula lipse, kapena chiviikeni m'madzi otentha a sopo, koma chiume kotheratu musanadzazenso. M'makona a m'kati burashi yaikulu siifika, pamafunika kaburashi kakang'ono.

Pa nyama yeniyeniyo, chipangizochi sichiphika ndipo sichipha tizilombo. M'bokosi musapitirire 25°C; pakati pa 10°C ndi 20°C m'pabwino, n'chifukwa chake ntchitoyi imayenda bwino usiku kapena nyengo yozizira. Ikani chopimira kutentha pafupi ndi nyama. Nyama iyenera kukhala itakolera kale mchere wokwana magalamu 25 mpaka 30 pa kilogalamu, pamodzi ndi mchere wa nitrite wotchedwa Cure #1, umene uli ndi 6.25 peresenti ya sodium nitrite, magalamu 2.5 pa kilogalamu, woyezedwa pa sikelo osati ndi supuni. Nitrite ndi amene amateteza ku botulism, matenda oopsa obwera ndi poizoni wa tizilombo ta m'chakudya, pamene nyama ikhala maola ambiri kunja kwa firiji. Bekoni yofukizidwa chonchi imafunikabe kuphika musanadye.

Ngati moto unazima usiku koma m'bokosi munali mozizira ndipo nyama inakolera mchere moyenera, ibwezereni m'firiji, konzani chimene chinalakwika, muyatsenso pamene khala linathera. Kufukiza mopumira kulibe vuto, ndipo n'kumene kumakometsa: maola 8 a utsi, usiku umodzi m'firiji, kenako kubwereza kawiri kapena katatu malinga ndi kukula kwa nthuli. Mukamaliza, ikulungeni muisiye m'firiji masiku awiri kapena atatu musanadule, kuti ukali wa utsi utsike.